Khungu Langa Lapola, Mwana Wanga Sanabwere

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wochokera kwa ine mng'ono wanu. Muli bwanji kumeneko? Alamu akupeza bwanji, msana uja unawasiya kapena akuyendabe chopendekera? Nanga ana? Wamkuluyo ndinamva kuti wakhoza mayeso, mumuuze kuti amayi ake aang'ono anavina okha m'nyumba. Kamtsikana kaja kanasiya kuyamwa chala?

Kuno ine ndilipo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa mawu amenewo ndakhala ndikukuuzani pa foni miyezi yonseyi ndipo ndatopa nawo.

Mudabwa kuti kalata ya chiyani foni ilipo. Pa foni ndimakanika, achemwali. Mukangoti "iwe chitsirizira, ukupeza bwanji?" ndimangoseka n'kuyamba kukufunsani za ana. Komanso kamera ya foni yanga sinawonongeke ayi. Ndinakunamizani kuti musaone nkhope yanga. Ndipo nthawi zonse zija munkati ndimuike Kamphuno pa foni mumve mawu ake, ine n'kumati wagona, sanali atagona. Mwana wanga sakukhala ndi ine.

Khalani pansi ndikufotokozereni kuyambira pachiyambi.

Za opaleshoni mukuzidziwa, koma mwapatalipatali. Tsiku limenelo ndinali ku saluni ndikuluka mayi wina, Kamphuno ali khanda, atagona pa kamatiresi kuseri kwa kauntala. M'mimba munandigwira ngati munthu akufinya chovala chochapa. Ndinalimba mtima, ndinkati ndi mpweya chabe. Kenako ndinayamba kusanza zobiriwira, anzanga n'kundinyamula kundikweza galimoto.

Nditatsitsimuka, adokotala anandiuza kuti matumbo anga anapotana, mbali ina n'kufa chifukwa magazi sankafikako. Anati adula gawo lalikulu, zotsalazo alumikiza. Pofuna kundionetsa kutalika kwa zimene anachotsa, anatambasula manja mpaka pomwe anathera, n'kunena kuti kuposa pamenepo. Bambo a Kamphuno atakuimbirani kuti zonse zayenda bwino sananame. Ndinapulumuka, ndipo tonse tinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Ndili m'chipatala mkaka unauma. Apongozi anabwera kudzakhala kwathu, n'kumuzoloweretsa mwana botolo. Ndisawanamizire, mayi aja anandisamala. Nditatuluka ankandisambitsa, kundidzutsa pa bedi, kunditsuka bala osanyansidwa. Mumtima ndinkati Mulungu ananditengera mayi anga koma wandipatsa ena.

Bala linapola bwinobwino. Chimene sichinapole ndi m'mimba. Chilichonse ndikadya chinkangodutsa, ndisanatsuke n'komwe mbale ndathamangira kuchimbudzi. Madiresi anayamba kundikhuthukira. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe ankandiseka kuti ndimuuzeko chinsinsi, iye wayesa zonse mimba sikuphwa. Ndinkaseka naye limodzi. Kuchipatala ankati matumbo azolowera, ndingopirira.

Kenako chakudya chinasiya kukoma. Tiyi ankamveka ngati madzi otsukira mbale, mkate ngati siponji. Ndinkathira mchere mpaka bambo a Kamphuno kukankha mbale, ine osamva kanthu. Lilime linafiira n'kumawawa. M'ngodya za pakamwa munang'ambika, moti ndikayasamula magazi ankatuluka.

Ming'alu ija sinakhale pamodzi. Inakula kukhala zilonda zofiira zonyowa, zokhala ndi nkhanambo m'mbali, n'kuzungulira pakamwa ponse, m'mphuno, mpaka m'zikope. Zinatulukanso m'zala, m'mbali mwa zikhadabo, m'zigongono, m'mapazi, ndi malo ena amene sindingalembe ngakhale kwa inu. Kukhala pa mpando kunali chilango. Sopo ankandiotcha, madzi ankandiotcha, misozi yanga yomwe inkandiotcha.

Ndinali nditabwerera ku ntchito nthawi imeneyo. Ndinkavala masiki kubisa pakamwa, koma zala ungazibise bwanji uli woluka? Kasitomala wina amene ndamuluka zaka zambiri anaona manja anga pa galasi. Anati wakumbukira kuti wasiya chitofu chikuyaka. Anatuluka mutu ndaluka theka, mbali ina tsitsi lili nyankhalala, n'kuyenda choncho mumsewu masana dzuwa likuswa mtengo. Anasankha kusekedwa ndi tauni yonse kusiyana n'kuti ndimugwirenso.

Madamu a saluni anandiitanira kuseri. Anati si kuti akundichotsa, koma ndikapume kaye mpaka ndichire. Ndikutenga chikwama changa ndinaona mnzanga amene tinkagawana naye chakudya cha masana akuponya zipeso zanga m'madzi otentha, atazigwira ndi pepala.

Kuchipatala ndinapita, achemwali, musaganize kuti ndinangokhala. Koyamba anati ndi mphere. Anatipatsa mankhwala oyera oti nyumba yonse tidzole thupi lonse. Ine anandiotcha mpaka ndinakuwa. Apongozi anadzola akung'ung'udza kuti chibadwire sanadwalepo mphere, lero adzazitengera kwa mpongozi. Kachiwiri ena anati ndi chikanga. Kachitatu anati ndi zipere zoopsa. Mafuta odzola anadzaza pa windo, zilonda zikungokula. Palibe amene anandifunsa za chipsera cha pamimba, ndipo ine sindinaganize kuti za m'mimba zingakhudzane ndi za pakamwa.

Munthu wowonda, wotsegula m'mimba, wa zilonda pakamwa, mukudziwa zimene anthu amaganiza. Ndinakayezetsa magazi kangapo, bambo a Kamphuno nawo anayezetsa. Kachilombo sanakapeze. Apongozi titawauza anangoti makina nawo amaphonya.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munasintha. Kapu yanga anaimanga ulusi wofiira pa chogwirira kuti isasokonekere ndi zina. Mbale yanga, supuni yanga, beseni langa, sopo wanga, zonse zinkakhala pakona pazokha pansi pa sinki. Ndikanyamula mwana ankaima pafupi, manja ali chire, ndikangomuika pansi n'kumupukuta ndi kansalu konyowa. Kumupsompsona ndinasiya ndekha. Inenso ndinkaopa, achemwali. Nanga ndinkadziwa kuti ndili ndi chiyani?

Tsiku lina kunatentha kwambiri, Kamphuno anatuluka timatuza ting'onoting'ono pakhosi, tija timatuluka mwana aliyense akachita thukuta. Apongozi anayang'ana timatuzato, n'kundiyang'ana ine. M'mawa mwake ndinapita kuchipatala monga mwa masiku onse. Pobwerera, ndisanatsegule n'komwe geti, ndinaona kuti pa chingwe palibe thewera ngakhale limodzi. Zopanira zokha zili ndondondo.

Ndinalowa. Mabotolo palibe, beseni lake palibe, kabulangete kachikasu kamene munatumiza kaja palibe. Bambo a Kamphuno anali pa mpando, atavala ovolosi ya ku galaja, ntchito sanapite. Ndinawafunsa kuti mwana ali kuti. Anayankha akuyang'ana nsapato zawo.

"Amayi apita naye kwawo. Ndi kwa kanthawi chabe, mpaka uchire."

"Munavomera?"

"Ukanafuna kuti nditani? Ukanakonda kuti mwana akhale ngati iweyo?"

Mawu amenewo anawabweza pomwepo, anapepesa, anagwada. Koma anali atatuluka kale.

Mwina simukudziwa, apongozi anataya mwana wamkazi asanabereke bambo a Kamphuno. Anadwala chikuku, thupi lonse zilonda, n'kumwalirira kumsana ali pa ulendo wa kuchipatala. Mpaka lero dzina lake silitchulidwa m'nyumba mwawo. Ndiye akaona chotupa pa khungu la mwana, mutu wawo umabwerera kumeneko. Ndikuzimvetsa. Kumvetsako sikunandithandize kanthu.

Ndinatsatira tsiku lomwelo, kukwera mabasi awiri mpaka kutsidya kwa tauni kumene amakhala. Anandilandira pa khonde. Anandipatsa mpando wa pulasitiki, n'kumuimika mwana pa windo kuti ndimuone kudzera pa galasi. Anati ndisakwiye, akuchita zimenezi chifukwa amatikonda tonse awiri. Pochoka ndinacheuka, ndinaona akuthira mpando uja madzi a sopo.

Miyezi imene inatsatira sindikudziwa kuti ndiifotokoze bwanji. Nyumba yopanda mwana imamveka furiji yokha. Tsitsi linayamba kuthothoka, ndikapesa chipeso chinkadzaza. Nsidze nazo zinapita. Ine amene ndakongoletsa mitu ya anthu theka la tauni ino ndinayamba kuvala wigi imene ndinasokera kasitomala wina yemwe sanabwere kudzaitenga. Galasi la kuchipinda ndinalitembenuzira kukhoma.

Bambo a Kamphuno si munthu woipa, ndipo musadzawakalipire. Sanandithawe. Akaweruka ankaphika, kusesa, kundichapira. Koma pochapa zovala zanga ankavala majumbo m'manja, akuganiza kuti sindikuona. Anasamukira pa sofa ya pabalaza, ati kuopa kundigunda pa bala, bala limene linapola kalekale. Tinkalankhulana mwaulemu ngati anthu ochita lendi nyumba imodzi.

Ndinasiya kutuluka. Ku golosale mwini wake ankandiikira chenji pa kauntala m'malo mondipatsa m'manja. Ana a m'njira ankandithawa. Panali masiku amene sindinkadzuka n'komwe, ndikungoyang'ana denga, ndikuganiza kuti adokotala aja akanangondisiya pa tebulo paja anthu akanalira kamodzi n'kupuma. Ndalemba zimenezi kuti mudziwe pamene ndinafika. Musachite mantha, maganizo amenewo anandichoka.

Chimene chinandipulumutsa n'chakuti ndinakomoka. Linali tsiku lokaonana ndi adokotala a opaleshoni, ndili pa mzere ndinangoona mdima. Atandiika pa sikelo, namwino anabwereza kawiri, akuganiza kuti sikelo yawonongeka. Adokotala aja atandivula masiki anatuma munthu kukaitana mnzawo woona za khungu.

Anabwera mayi wamfupi wa imvi, magalasi ali pa mphuno. Anandiyang'ana pakamwa, m'zala, m'mapazi, konse. Anandifunsa ngati chakudya chimandikomera, ngati tsitsi linayamba kuthothoka zilonda zisanabwere kapena zitabwera, ndi kuti kuchimbudzi ndimapita kangati. Anaona chipsera cha pamimba n'kufunsa mnzawo kuti matumbo anatsala otalika bwanji. Atamva anagwedeza mutu.

Kenako anavula magolovesi n'kuwataya. Anatenga manja anga onse awiri m'manja mwawo mopanda kanthu.

"Mwana wanga, izi sizipatsirana. Sungapatsire munthu aliyense, ngakhale khanda. Thupi lako lili ndi njala."

Achemwali, kuyambira pamene apongozi anamanga ulusi pa kapu panalibe munthu amene anandigwirapo khungu. Ndinalira mokweza ngati pa maliro, odwala ena mpaka kusuzumira pa chitseko.

Ndinawauza kuti njala yake iti, ine ndimadya. Anandifotokozera kuti kudya ndi kwina, kuyamwa ndi kwina. Matumbo ndi amene amayamwa zofunika m'chakudya kuti zilowe m'magazi. Anga ndi aafupi tsopano, chakudya chimadutsa mothamanga, ndiye zambiri zimangotayika. Anati pali kamchere kena kotchedwa zinki, thupi limakafuna pang'ono chabe, koma kakasowa khungu limang'ambika mozungulira pakamwa ndi m'zala, tsitsi limathothoka, lilime limasiya kumva kukoma, ngakhale mtima umagwa. Kutsegula m'mimba kumakataya, ndipo kusowa kwake kumawonjezeranso kutsegulako.

Magazi atawayeza zinapezeka zoona. Zinki anali atatsikiratu, ayironi ndi mavitamini ena chimodzimodzi. Anandigoneka masiku angapo pa diripi. Potuluka anandipatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse, ena ochepetsa kutsegula, ndi jakisoni wa mwezi ndi mwezi. Anati mwina zimenezi ndi za moyo wanga wonse. Anati ndizidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mazira, chiwindi, nsomba, nyama ikapezeka, ndipo za shuga wambiri ndi zamafuta ndizipewe.

Ndikuuzeni chimene chimandipweteka mpaka lero. Zilonda zimene zinandichotsa ntchito, kundilanda mwana, kusamutsa mwamuna pa bedi, zinayamba kuuma sabata isanathe. Timapiritsi ting'onoting'ono toyera. Ndinkatiyang'ana m'dzanja n'kumadzifunsa kuti zonsezi chifukwa cha timeneti? Tsiku lina m'mawa ndinaluma dzira lowiritsa, ndinamva mchere. Ndinakhala pansi m'khitchini dzira lili m'kamwa, osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Pano zilonda kulibe. Patsala mawanga akuda mozungulira pakamwa ndi m'manja, ngati mwana amene wadya zinazake osapukuta. Adokotala akuti adzazimiririka koma mochedwa, mwina ena sadzatheratu. Tsitsi likumera, lofewa ngati la kamwana ka nkhuku. Thupi labwererako pang'ono. M'mimba mwachepa koma simunasiye.

Bambo a Kamphuno ndinawatenga kuti akamve okha kwa adokotala. Anamvetsera chipewa chili m'manja. Anafunsa kawiri ngati n'zoona kuti mwana sakanatengera, kawiri konse anayankhidwa kuti sakanatengera. Titafika kunyumba analowa m'khitchini, anatenga kapu ija pansi pa sinki, anadula ulusi ndi mano, anatungira madzi n'kumwa ataimirira. Sanandipepese ndi mawu, ndipo sindinafune. Tsiku lomwelo anachotsa bulangete lawo pa sofa.

Ndinkaganiza kuti basi, mawa lake tikatenga mwana. Ndinachapa makatani, ndinakolopa pansi pa bedi, ndinagula botolo latsopano.

Tinapita Loweruka. Ulendo uno anatilowetsa m'nyumba. Bambo a Kamphuno anafotokoza zonse, za matumbo, za zinki, za magazi. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa miyendo. Kenako anafunsa kuti amene ananena za mphere sanali adokotala? Nanga wa chikanga? Nanga wa zipere? Onsewo anavala zoyera, onsewo analankhula motsimikiza. Lero kwabwera wachinayi ndi nkhani yake, ndiye iwo aike moyo wa mdzukulu wawo pa mawu a wachinayiyo? Anati ngati zatha, bwanji pakamwa pakadali pakuda?

Funso lawo silinali lopusa.

Kenako anamutulutsa kuchipinda, atangodzuka kumene. Achemwali, mwana wakula. Akukwawa, akuimirira pogwira mipando, mano atuluka m'mwamba ndi m'munsi. Mphuno ija ikadali ya bambo ake, simunalakwitse pomutcha dzina. Ndinagwada n'kutambasula manja, ndinamuitana mmene ndinkamuitanira ali khanda. Anandiyang'ana pakamwa. Kenako anakuwa, n'kubisa nkhope pa chifuwa cha agogo ake, zala zitakanirira pa bulauzi.

"Mwaona? Si ine ndikukana," anatero apongozi.

Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, m'mimba munandipotokola pomwepo. Ndinapempha kuchimbudzi. Nditabwerako tinayambiranso kukambirana, pasanapite nthawi ndinapemphanso. Pobwerera kachiwiri ndinapeza apongozi akundidikira m'kakhonde ka m'nyumba, mwana ali kumsana. Analankhula motsitsa mawu kuti mwana wawo asamve.

"Tiyerekeze kuti matendawo sapatsirana. Mwamuna wako ali ku galaja tsiku lonse. Iwe uli m'chimbudzi umu, mwana akukwawira ku chitofu. Adzamugwira ndani? Unagwa pa mzere kuchipatala. Ukadzagwa naye ali kumsana?"

Mawu amenewo ndi amene sandigonetsa, chifukwa ndi oona.

Kuyambira pamenepo ndimapita kawirikawiri. Amandilola kulowa, kumuchapira zovala, kumusinjira zakudya, koma kumudyetsa amadyetsa okha. Ndimakhala pa mkeka chapatali n'kumamuonerera akusewera ndi zivundikiro za mapoto. Anasiya kukuwa akandiona, amangondizungulira ngati mpando. Agogo ake amawaitana kuti "mama". Koyamba kumva ndinatuluka panja kukayang'ana maluwa amene kulibe.

Tsiku lina makiyi anga anagwa pansi. Anakwawa kudzawatola, n'kutsamira dzanja pa bondo langa kuti aimirire. Kadzanja kotentha, konyowa ndi dovu. Sindinapume, kuopa kumudzidzimutsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anatenga makiyi n'kubwerera kwa agogo ake. Ndinakwera basi ndikugwira bondo limenelo.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi.

Mlamu wanga wamkazi, mng'ono wa bambo a Kamphuno amene anakwatiwa kutali uja, ali ndi pakati potopa. Apongozi akupita kukamudikirira kumapeto kwa mwezi uno, ndipo akuti akakhalako mpaka khandalo litalimba. Kamphuno akupita naye. Anandiuza akupinda zovala, ngati akunena za nyengo. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ine ndi mimba yangayi, ndi jakisoni wanga wa kuno, sindingamapiteko. Akadzabwerako mwana adzakhala akuyenda, akulankhula, ndipo ine adzandipatsa moni ngati mlendo.

Bambo a Kamphuno anayesa, ndisawanamizire. Anapita okha kukalankhula nawo, anakweza mawu koyamba chibadwire. Apongozi magazi anathamanga, anagona pansi, aneba anachita kuwakupiza. Bamboyo anabwera kunyumba maso ali psuu, anandifunsa ngati ndikufuna kuti aphe mayi ake. Ndinamuyankha kuti ine ndinatsala pang'ono kufa kawiri, koyamba ndi matumbo, kachiwiri ndi chisoni, ndipo palibe amene anandikupiza.

Mayi woyandikana nafe uja akuti ndipite kupolisi, mwana ndi wanga, malamulo ali mbali yanga. Ndikudziwa. Koma ndikaganiza wapolisi akumukanganula pa bulauzi ya agogo ake, iye akukuwa, n'kumupereka kwa ine, mayi wa mawanga amene amamuopa, mtima umakana. Apongozi aja anamulera, anadzuka naye akamamera mano. Sindikufuna kuwalanda ngati mbava. Ndikufuna andipatse ndi manja awo.

Achemwali, bwerani.

Amayi akanakhalapo bwenzi nditapita kukagwa pa miyendo yawo. Kulibe, mwatsala ndinu. Apongozi amakulemekezani. Mpaka lero amakamba mmene munayendetsera zinthu pa maliro a amayi, amati mkulu wake uja ndi munthu wolongosoka. Ine akandiona amaona wodwala, mawu anga amawamva ngati kubuula. Inu adzakupatsani mpando wabwino n'kumvetsera.

Sindikukuitanani kuti mudzakangane nawo. Ndikupempha chinthu chachikulu kuposa pamenepo, ndipo ndikuchita manyazi. Mudzakhale nane kwa kanthawi, mwezi kapena iwiri. Funso lawo lija, loti adzamugwira ndani, yankho lake likhale inu. Mukadzawauza kuti m'nyumba muli munthu wamkulu usana wonse, sadzakhalanso ndi chonena. Ndiponso mwanayo masiku oyamba adzalira kwambiri, adzakana chakudya, adzafuna agogo ake. Ndekha sindingapirire kumva mwana wanga akulirira mayi wina ali m'manja mwanga. Ndikhoza kumubweza ndekha. Pafunika wina wondigwira kuti ndisatero.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Muli ndi kalasi yanu ya ana, muli ndi nyumba, alamu ndi msana wawo. Tchuthi cha sukulu chayandikira, mwina ahedi angakuwonjezereni masiku mukawafotokozera. Alamu muwawerengere kalatayi ngati mukuona kuti n'koyenera, ndime za zilonda muzidumphe. Mukalephera sindidzakusungirani mangawa, koma mundiuze msanga, kuti ndiyambe kuuzoloweretsa mtima.

Ine kumbali yanga sindikungokhala. Mankhwala sindidumphitsa. Ndikudya ngakhale pamene sindikufuna. Ndipo ndikuuzeni chinthu china, musandiseke. Ndinafunsa kulemera kwa Kamphuno pa sikelo yomaliza, ndinathira madzi m'chigubu mpaka kulemera chimodzimodzi. M'mawa uliwonse bambo ake akapita ku ntchito ndimachibereka kumsana ndi nsalu, n'kumayenda nacho m'nyumba, kusesa nacho, kutsuka nacho mbale. Poyamba miyendo inkanjenjemera ndisanamalize pabalaza. Mayi woyandikana nafe anandiona pa mpanda, anatsegula pakamwa kuti aseke, kenako anangobwerera m'nyumba mwake.

Dzulo ndinafika nacho ku golosale n'kubwerako osapumira panjira. Mudzawauze apongozi zimenezo. Ine ndikawauza sadzakhulupirira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikupepesa powabera mkazi. Ana onse muwapsompsone m'malo mwanga. Azakhali mukawaona muwapatse moni, koma za kalatayi musawauze, mawa lake dziko lonse lidziwa. Bambo a Kamphuno akupereka moni. Akudziwa kuti ndakulemberani, ndipo akuti akakudikirirani okha pa depoti.

Mulungu akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu, akupatseni mphamvu ndi ulendo wabwino. Mundikumbukire m'mapemphero, ndipo mumutchule mwana wanga.

Ndine mng'ono wanu,
chitsirizira cha amayi,
make Kamphuno